Kodi Buku la Zitsamba za ku Chitipa Adzasindikiza Ndani?

Ku Misuku, kumene kuli nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa, kuli agogo amene amadziwa tsamba la chifuwa, muzu wa m'mimba ndi khungwa lothira pabala. Nzeru zimenezi zili m'mitu mwawo basi, ndipo chaka chilichonse tikuika ena m'manda. Ine ndikuti Chitipa ikusowa buku lakelake la zitsamba, lokhala ndi zithunzi zoona ndiponso mayina a m'zinenero za kwathu. Anzathu a ku Ulaya anayamba ntchito yotere zaka zoposa 500 zapitazo, tsono tiyeni tione mmene anayendera.

M'chaka cha 1484, mumzinda wa Mainz ku Germany, Peter Schöffer, amene kale ankagwira ntchito ndi Gutenberg, anasindikiza buku la zitsamba lotchedwa Herbarius m'Chilatini. Patangopita chaka chimodzi anatulutsa lina lalikulu m'Chijeremani, Gart der Gesundheit, ndiye kuti Munda wa Thanzi. Ife amene timatuluka thukuta ndi Chilatini m'kalasi tingamvetse chifukwa chake: wodwala safuna galamala, amafuna kumva m'chinenero chimene amalirira.

Vuto linali pa zithunzi. Ambiri ankangokopera zojambula za m'mabuku akale osaliona tsambalo. Muzu wa chomera chotchedwa mandrake ankaujambula ngati munthu, wa manja ndi miyendo! Osindikiza ena, poopa kuwononga ndalama, ankadinda chithunzi chimodzimodzi pa zomera ziwiri zosiyana. Taganizani, abale anga, munthu akupita kuthengo ndi khasu atakhulupirira chithunzi chotero.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1530 pamene Johann Schott wa ku Strasbourg anasindikiza buku la Otto Brunfels. Wojambula wake, Hans Weiditz, ankaika chomera chenicheni patsogolo pake n'kuchijambula monga chinalili, ngakhale masamba ofota ndi odyedwa ndi tizilombo. Zithunzizo zinakoma kotero kuti Christian Egenolff wa ku Frankfurt anazikopera, ndipo Schott anam'sumira m'chaka cha 1533. Kenaka m'chaka cha 1542 Michael Isingrin wa ku Basel anasindikiza buku la Leonhart Fuchs lokhala ndi zomera pafupifupi 500, kuphatikizapo chimanga ndi tsabola zimene zinali zachilendo ku Ulaya. Chimene chimandikondweretsa ine n'chakuti m'bukumo anaikamo nkhope za amisiri atatu amene anajambula ndi kusema zithunzizo. Anawalemekeza.

Nanga kuno kwathu? Buku loti tingaliloze ndi la mayi Jessie Williamson, Useful Plants of Nyasaland, limene linasindikizidwa ndi a Government Printer ku Zomba m'chaka cha 1955, n'kudzatulukanso lowonjezeredwa m'chaka cha 1975 ndi dzina loti Useful Plants of Malawi. M'chaka cha 1996 Brian Morris anatulutsa Chewa Medical Botany. Ndi mabuku abwino zedi, koma onse ndi a m'Chingerezi, ndipo lachiwirili dzina lake lomwe likunena kuti nkhani yake ndi ya Achewa. Mayi wa ku Ifumbo kapena ku Kameme adzapindula nawo bwanji? Ku Chitipa mtengo umodzi umatha kukhala ndi dzina la Chilambya, lina la Chindali, lina la Chisukwa, lina la Chinyiha. Apa mpamene pagona ngozi: ukasokoneza dzina wasokoneza muzu, ndipo mizu ina imapha.

Ndikudziwa kuti makolo ena ndi ansembe ena akwinya nkhope. Iwo ati zitsamba zimayenda ndi maula ndi zithumwa, ndiponso kuti buku lotere lichititsa anthu kuthawa chipatala. Nkhawa yachiwiriyi ndi yomveka. Koma anthu akumwa kale mizu, buku lilipo kapena palibe, ndipo akumwa mosayeza. Buku loona lingalembe poyera kuti khungwa la mwabvi ndi poizoni, kuti mayi woyembekezera asamwe chinthu chosadziwika, kuti mwana wotentha thupi athamangire naye kuchipatala akamuyeze malungo. Za maula zitsale kunja, monga munthu wa mandrake uja anatsalira kunja kwa mabuku a Schott ndi Isingrin.

Palinso nkhani ya mwini nzeru. Alenje a ku Chigwa cha Shire ankapaka kombe pa mivi yawo. John Kirk, mnzake wa Livingstone, anachita nayo chidwi, ndipo ku Edinburgh Thomas Fraser anapezamo mankhwala a mtima. Mayina a awiriwa ali m'mabuku; a alenje aja mulibe. Buku lathu lisadzabwereze zimenezo. Gogo aliyense wotiphunzitsa ayambe wavomera, ndipo dzina lake lilembedwe pansi pa chomera chake.

Makina osindikizira alipo ku Likuni ndi ku Balaka. Chikusowa ndi zoti asindikize. Patchuthi chikubwerachi mnyamata aliyense wochokera ku Chitipa atenge kope ndi pensulo. Ajambule chomera chimodzi chili chamoyo, masamba, maluwa ndi zipatso zomwe, alembe dzina lake, chinenero chake ndi mudzi umene wachipeza. Nthambi imodzi aipanikize pakati pa manyuzipepala akale mpaka iume, kuti akatswiri a ku National Herbarium ku Zomba akatiuze dzina lake la Chilatini.