Mkangano umene mukuunyozawo ndi umene ukunyamula voice note yanu

Pakati pa ife ophunzira za makompyuta, makamaka amene timapanganso mabiti usiku ku hostel, pali chizolowezi chonyoza chilichonse chopangidwa ndi gulu la anthu ongodzipereka. Akuti pulogalamu yaulere ndi ya anthu osauka. Akuti muyezo weniweni, umene mapulogalamu onse a nyimbo ayenera kutsatira kuti azimvana, umachokera ku kampani ya ndalama, pomwe anthu a open source amangokangana chaka ndi chaka osamaliza kanthu. Ine ndikukana maganizo amenewa, ndipo umboni uli m'foni ya aliyense amene amalankhula zimenezi.

Voice note imene mumatumiza pa WhatsApp imasungidwa mu Opus. Opus ndi codec, njira yofinyira mawu kuti adye data yochepa koma azimvekabe. Imagwira ntchito kuyambira pa makilobiti 6 pa sekondi mpaka 510, choncho imanyamula mawu a munthu pa netiweki yofooka komanso nyimbo ya stereo yomveka bwino. Bungwe la IETF linaisindikiza mu September 2012 ngati RFC 6716. Inabadwa pophatikiza ntchito ziwiri: SILK ya Skype ndi CELT ya Xiph.Org, imene Jean-Marc Valin ankatsogolera. Gulu loikonza linakhazikitsidwa mu 2010 pambuyo pa mkangano waukulu, chifukwa panali ena amene sankafuna n'komwe kuti IETF ilowe m'nkhani ya ma codec. Kenako panapita zaka zoposa ziwiri za kuyesa, kumvetsera, kutsutsana ndi kukonzanso.

Ku IETF kulibe khadi la umembala. Mfundo imene David Clark anaitchula mu 1992 ndi yakuti iwo satsata mfumu kapena mavoti, amatsata chimene ambiri agwirizana ndi code imene ikugwiradi ntchito. Pamisonkhano yawo nthawi zina amang'ung'udza m'malo mokweza manja, kuti amve kumene gulu lapendekera popanda kuwerenga mitu. Wina akhoza kuseka. Koma njira yomweyo ndi imene inatipatsa codec imene eni ake analola aliyense kugwiritsa ntchito popanda kulipira, ndipo lero ndi yofunikira mu WebRTC, imene imayendetsa mafoni a pa intaneti mu browser.

Yerekezani ndi MP3. Mu 1998 bungwe la Fraunhofer la ku Germany linalembera makalata opanga mapulogalamu kuwauza kuti ayenera kulipira laisensi ya mapatenti. Zimenezi zinalimbikitsa Chris Montgomery kulimbikira pa Vorbis. Kulipiritsa kwa MP3 kunatha mu 2017, ndipo kwa zaka zambiri Fedora inkatuluka yopanda MP3 chifukwa choopa milandu. Aliyense ankagwiritsa ntchito muyezowu, koma makiyi anali m'thumba la anthu ochepa.

Kwa opanga mabiti, nkhani ya mapulagini ikuwakhudza kwambiri. Steinberg inatulutsa VST mu 1996, ndipo makampani ambirimbiri anamanga ntchito yawo pamwamba pake. Mu October 2018 Steinberg inasiya kupereka malaisensi atsopano a VST2 pofuna kuti onse asamukire ku VST3. Inali ndi ufulu wochita zimenezo, popeza muyezowo unali wake. Vuto lagona pomwepo. Wopanga pulagini watsopano amene ankafuna kufikira anthu amene mapulogalamu awo ankangodziwa VST2 anapeza chitseko chatsekedwa, ndipo panalibe bwalo loti akadandaule.

Anthu a Linux anatenga njira ina. Mu 2000 anagwirizana pa LADSPA, muyezo waung'ono kwambiri moti wonse unkakwana m'fayilo imodzi. Utaoneka kuti ndi wopereweza, anakambirana LV2, imene David Robillard wakhala akuisamalira. Nzeru ya LV2 ndi yakuti pakati pake ndi pang'ono, ndipo aliyense akhoza kulemba chowonjezera chake popanda kupempha chilolezo. Chowonjezeracho chikathandiza ambiri, ena amachitenga. Mu 2022 Bitwig ndi u-he anatulutsa CLAP pansi pa laisensi ya MIT, atakambirana ndi opanga mapulagini ambiri, ndipo REAPER ndi FL Studio anailandira. Mu 2025 Steinberg nayo inaika VST3 pansi pa MIT. Mwini chitsime akaona kuti anthu akumba china pafupi, amafewa.

Otsutsa ali ndi mfundo zina zoona. Zokambirana za poyera zimachedwa. LV2 sinalowe m'mapulogalamu akuluakulu ambiri ogulitsidwa, ndipo wophunzira amene akufuna kumaliza nyimbo lero alibe nthawi ya ndale za miyezo. Komanso mabwalo amenewa si a aliyense mofanana monga amanenera. Amalankhula Chingerezi, ndipo mawu amphamvu ndi a anthu a ku Ulaya ndi America amene mabwana awo amawalipira kuti akhalepo. Wophunzira wa ku Zomba wokhala ndi bundle ya usiku sangafanane nawo.

Koma mfundo zimenezi sizikutifikitsa kumene otsutsa akufuna. Kuchedwako kumabwera chifukwa wina waloledwa kunena kuti "apa sipagwira ntchito kwa ine," ndipo ena akakamizika kumuyankha. Kampani imathamanga chifukwa sifunsa munthu. Kuthamanga si kufika. Ndipo ngati mawu athu ndi ochepa pabwalo lotseguka, m'chipinda cha bodi ya kampani mulibiretu mawu athu. RFC 6716 mutha kuiwerenga yonse kwaulere usiku uno, pamodzi ndi code yake. Chikalata cha ISO chofotokoza MP3 amagulitsa.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti ife amene tikanapindula kwambiri ndi miyezo yotseguka ndi amene timainyoza. Timagwiritsa ntchito mapulagini obedwa, kompyuta ikufa ndi mavairasi, kenako n'kumaseka Ardour ndi Audacity kuti ndi zidole. Tili ndi zinthu zimene opanga mapulogalamuwa amafuna kudziwa koma sangazione ali ku Berlin: mafoni otsika mtengo, netiweki yodukaduka, malaputopu akale, magetsi ozima pakati pojambula. Lipoti lolembedwa bwino lofotokoza kumene pulogalamu yalephera pa zinthu ngati zimenezi ndi gawo lenileni la ntchito yokonza muyezo.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri. Anzanga a chaka chomaliza, m'malo mopanga dongosolo lina la kalembera wa ophunzira limene lidzafere mu flash, lembani pulagini imodzi ya LV2 kapena CLAP, muiike poyera, anthu osakudziwani aitsutse. Aphunzitsi athu, landirani ntchito yotere ngati pulojekiti yokwanira, ndipo muziika mamaki pa mmene wophunzira wayankhira omutsutsa. Amene sakufuna kutero ali ndi ufulu, koma asamatumize chitonzo chakecho pa voice note.