Dzino la wantchito silidikira tsiku la malipiro

Inu amene munachezerapo usiku wonse mutagwira tsaya mukudziwa kuti dzino likawawa thupi lonse limagonja. Nsima siilowa, tulo sitibwera, ngakhale madzi ozizira amasanduka mdani. Komabe kukacha mumadzuka kukakolopa nyumba ya abwana ku Sandton, kapena kukathyola malalanje m'mafamu a ku Limpopo, mutameza Panado awiri ndi kapaketi ka Grand-Pa. Mukadandaula, yankho mumalidziwa kale: "Ndi dzino chabe." Mawu amenewa ndikuwakana, makamaka pamene akutuluka m'kamwa mwa munthu amene mano ake amalipiridwa ndi medical aid.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mu Marichi 2025 malipiro otsikitsitsa ku South Africa anaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo wantchito wa m'nyumba ndi wa pafamu ayenera kulandira chimodzimodzi ndi wina aliyense. Pa mlingo wa mu 2025 umenewo, maola 8 anali R230.32, ngati abwana ankatsata lamulo, pakuti ambiri satero. Kwa dokotala wa mano wolipiritsa, kukuyezani ndi kuzula dzino limodzi kumadya malipiro a masiku angapo. Kuchiza mtsempha wa dzino kuti lipulumuke kumafuna masauzande a ma rand. Pa ndalama yomweyo pali lendi, basi, ndi fizi ya ana amene munawasiya kwa agogo awo ku Mzimba kapena ku Mangochi. Ndiye dzino limauzidwa kuti lidikire mapeto a mwezi, ndipo mwezi ukatha limauzidwanso chimodzimodzi.

Vuto n'lakuti dzino silimva zimenezo. Kabowo kakang'ono kamene dokotala akanamata m'mphindi zochepa kamakula mpaka kufika pa mtsempha, kenako mafinya amasonkhana kumuzu. Pofika pamenepo chotsala chotsika mtengo ndi kuzula. Umu ndi mmene wosauka amathera mano: amafika kuchipatala mochedwa chifukwa kufika msanga kunali kodula. M'kafukufuku wanga ndacheza ndi amayi a zaka zosakwana 40 amene amaseka atatseka pakamwa ndi dzanja, ndipo ndaona kuti mipata ya m'kamwa mwawo ikufotokoza za malipiro awo momveka kuposa pepala lililonse la kontrakiti.

Ena adzati: apite kuchipatala cha boma, n'chaulere. Pa lamulo akunena zoona, ndipo lamulolo muyenera kulidziwa. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa a mu 1996 limapereka ufulu wopeza thandizo la chipatala kwa aliyense, osati kwa nzika zokha, ndipo limaletsa kubweza munthu amene matenda ake ndi a mwadzidzidzi. Lamulo la zaumoyo la National Health Act la mu 2003 limati thandizo loyambirira m'makiliniki a boma ndi laulere kwa amene alibe medical aid. Koma amene amati n'chaulere sanayimepo pamzere kuyambira m'bandakucha. Si kiliniki iliyonse imene ili ndi dokotala wa mano, ndipo kumene alipo ntchito yake yambiri ndi kuzula. Wa pafamu ayenera kulipira galimoto yokamufikitsa kutauni. Pamwamba pa zonsezi, mu 2025 magulu monga Operation Dudula anali kuyima pazipata za makiliniki n'kumabweza obwera, mpaka Khoti Lalikulu ku Johannesburg linagamula mu Novembala chaka chomwecho kuti munthu wamba alibe mphamvu youza mnzake kuti aonetse pasipoti. Chigamulo chilipo, koma mantha amene anadzalidwa sanazuke.

Mtengo waukulu kuposa yonse ndi tsiku la ntchito limene mumataya, ndipo apa ndi pamene abwana ambiri amakuberani poyera. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la mu 1997 limapatsa wantchito tchuthi cholipidwa akadwala: masiku 30 m'zaka zitatu kwa wogwira masiku asanu pa sabata, masiku 36 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. M'miyezi 6 yoyambirira muli ndi tsiku limodzi pa masiku 26 alionse amene mwagwira. Izi zikukhudza aliyense wogwirira bwana mmodzi maola 24 kapena kuposerapo pamwezi, kotero nanu amene mumapita panyumba imodzi kamodzi pa sabata mulimo. Palibe pamene lamuloli linapatula dzino kuti si matenda. Bwana amene akudulani malipiro chifukwa munapita kukazulitsa dzino watenga ndalama yanu, ngakhale atakupatsani zovala zakale pa Khirisimasi. Ndipo musanamizidwe kuti wopanda mapepala alibe ufulu wa pantchito: mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la zantchito linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chinatha ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo.

Nafenso tili ndi mlandu wathu, ndipo sindiubisa. Tinaleredwa kuti kupirira ndi ulemu, kuti munthu wamkulu salira ndi dzino, kuti mlendo sadandaula m'mudzi wa eni. Kupirira kumeneku kukupindulira abwana okha. Kumatipangitsanso kudzivulaza: ufa wa Grand-Pa kapena asipirini woikidwa pa nkhama amawotcha mnofu osachiza dzino, ndipo Panado wopitirira muyeso amawononga chiwindi mwakachetechete. Mankhwala opha ululu amangotseka pakamwa pa dzino, mafinya ali m'kati momwemo. Tsaya likatupa n'kumatsikira kukhosi, thupi likatentha, mukamavutika kumeza, kutsegula pakamwa kapena kupuma, imeneyo ndi ngozi imene imapha. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana, ndipo pamenepo palibe amene ali ndi mphamvu yokubwezani.

Choncho musadikire kutupa. Dzino likayamba kunyerenyesa ndi tiyi wotentha, uzani abwana pa WhatsApp, kuti pakhale cholembedwa, kuti mwadwala ndipo mukupita kuchipatala. Funsani dokotala ngati dzinolo lingamatidwe musanavomere kulizula. Amene muli pafupi ndi sukulu za madokotala a mano, monga ya Wits ku Johannesburg, ya University of Pretoria, kapena ya University of the Western Cape ku Tygerberg ndi ku Mitchells Plain, funsani kukiliniki kwanu mmene angakutumizireni kumeneko. Musatuluke opanda kalata yotsimikiza kuti munadwala. Lamulo limaifuna mukajomba masiku opitirira awiri otsatizana, kapena kupitirira kawiri m'masabata 8, koma ndi bwino kukhala nayo ngakhale pa tsiku limodzi. Ijambuleni pafoni musanaipereke. Malipiro akabwera operewera, tengani kalatayo, uthenga wa pa WhatsApp uja ndi mnzanu mmodzi wodziwa Chingerezi, mupite ku CCMA kapena ku ofesi ya zantchito imene ili pafupi nanu. Kukadandaula kumeneko simulipira kanthu.