Lamulo la chidani ku Joni: langani chikwanje, koma samalani ndi pakamwa

Mu May 2024 pulezidenti wa South Africa, a Cyril Ramaphosa, adasayina lamulo lolimbana ndi milandu ya chidani ndi mawu a chidani, limene lidayamba kukambidwa mu 2016. Nkhaniyi ndi yathunso, pakuti ndi midzi ingati ku Mzimba kapena ku Mangochi imene ilibe mwana ku Joni? Lamuloli likuti munthu akavulaza mnzake chifukwa cha mtundu, chipembedzo, dziko lochokera kapenanso chialubino, khoti liziona chidanicho ngati chokulitsa mlandu.

Alipo amene akuti izi n'zosafunika. Akuti kupha ndi kupha basi, ndipo boma lisamalange maganizo a munthu. Ine sindigwirizana nawo. Kuyambira kale makhoti amasiyanitsa wopha mwangozi ndi wopha mwadala, ndiye kuti zamumtima amaziyeza kale. Takumbukani May 2008, pamene chipolowe chidayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Amene adawotcha Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique sadali naye pa ngongole ayi. Motowo udali kalata yopita kwa mlendo aliyense, ndipo onse adaiwerenga: anthu zikwizikwi adathawira kupolisi ndi m'matchalitchi. Mlandu wovulaza mmodzi n'kuopseza mtundu wonse sungafanane ndi ndewu ya kumowa.

Koma kodi lamulo lotere limagwira ntchito? Apa mpamene ndikukayika. Kuwotcha munthu udali mlandu kale mu 2008, komabe palibe adalangidwa pa imfa ya Nhamuave. Mu April 2015, mwezi umene boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga Amalawi othawa nkhanza, Emmanuel Sithole adabayidwa ku Alexandra komweko. Omupha adagwidwa msanga chifukwa zithunzi zawo zidatuluka m'nyuzipepala ya Sunday Times. Ngakhale apo, akuluakulu adathamangira kunena kuti chidali chiwembu cha akuba chabe. Ku Britain nako, Stephen Lawrence adaphedwa mu 1993, lamulo lokulitsa chilango pa milandu ya tsankho lidadza mu 1998, koma awiri mwa omupha adapezeka olakwa mu 2012, makolo ake atakakamira zaka zonsezo. Pamene wapolisi safuna kufufuza, chilango cholembedwa m'buku sichiopsa munthu. Phindu limene ndikuliona n'lakuti lamulo la ku Joni likulamula kuti milandu yotere izilembedwa ndi kuwerengedwa payokha, kotero mawu oti “ndi akuba chabe” sadzakhalanso pobisalira pophweka.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi gawo lachiwiri, loika munthu m'ndende chifukwa cha zimene wayankhula. Mu March 2015 malemu Mfumu Goodwill Zwelithini idauza alendo kuti alongedze katundu azipita kwawo, ndipo patangopita masiku ochepa ku Durban kudabuka chipolowe. Bungwe loona za ufulu wachibadwidwe m'dzikomo lidafufuza, ndipo mu 2016 lidati mawuwo adali opweteka koma sadali mawu a chidani. Tsono ngati njovu idadutsa, msampha umenewu udzakola ndani? Mnyamata wolemba zopusa pa Facebook, kapena wotsutsa boma amene nduna yatopa naye. Inde, lamuloli likuti atolankhani, a zisudzo, ophunzira ndi a mipingo sakhudzidwa akayankhula ndi mtima wabwino. Nanga woyeza mtimawo ndani?

Ine ndidabadwa matipate atabwera kale, koma inu amene mudakhala zaka ku Lusaka, Harare ndi Dar es Salaam mukudziwa bwino kuposa ine. Mu March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idatchedwa youkira boma, kungopezeka nayo udali mlandu. Chaka chomwecho a Chakufwa Chihana adaweruzidwa kukhala m'ndende chifukwa cha mapepala okamba za demokalase. Lamulo limene lidawamanga nalonso linkati likuteteza mtendere ndi umodzi, ndipo lidakhalabe m'mabuku athu mpaka Nyumba ya Malamulo idalichotsa mu 2022, zaka 28 boma la chipani chimodzi litagwa.

Aphungu athu amakonda kukopera malamulo a anzathu a kumwera. Tsiku limene bilu yotere idzafike ku Lilongwe, ine ndidzapempha kuti aidule pakati: gawo la chikwanje alivomereze, gawo la pakamwa alibweze kukomiti.