Lipoti la kusukulu silionetsa mtima wa mwana

Makolo anzanga, temu ikatha mwana amabwera ndi lipoti. Timayang'ana mamakisi ndi nambala imene wakhala m'kalasi, basi tayamba kukalipa. Koma cilipo cinthu cimodzi cimene lipoti silionetsa: kodi mwanayo akhulupirira kuti angakhoze?

Nkhani imeneyi akatswiri anaifufuza kale. Mu 1977 Albert Bandura, mphunzitsi pa yunivesiti ya Stanford ku America, analemba kuti munthu amene adzikhulupirira pa nchito inayake amalimbikira, ndipo ikavuta safulumira kuisiya. Kapimidwe kake nkosavuta. Safunsa mwana kuti "Kodi ndiwe wanzeru?" iai. Amachula nchito imodzi, monga samu yogawa, ndi kumufunsa kuti atsimikiza motani kuti angaikhoze, kuyambira pa 0 kufika pa 100.

Ifenso tingacite cimodzimodzi panyumba ndi njere khumi za cimanga. Nenani kuti, "Mwanawanga, tengapo njere zolingana ndi m'mene ukhulupirira kuti masamu a mawa uwakhoza." Akatenga ziwiri cabe, dziwani kuti uyo mumamucha waulesi mwina ndi mantha amene amugwira. Nanga mwana amene anagamula kale mumtima kuti alephera, buku alitsegulirenji?

Mankhwala ake si kumunyengerera kuti ndi wocenjera. Ana sapusitsika. Bandura anati cimene cimalimbitsa mtima koposa ndi kukhoza cinthu wekha. Mwana yemweyo amene alira ndi masamu ndiye amawerenga matumba a makilogiramu 50 popita ku depoti ya FRA, nadziwa ndalama zimene atate ake ayenera kulandira. Muuzeni kuti amenewo ndiwo masamu. Mupatseni matumba asanu awerengetsere, akakhoza muonjezere akhale khumi ndi awiri. Koma akatenga njere zonse khumi pomwe mayeso alephera, ameneyo afunika kukhala pansi ndi buku, osati kumuombera m'manja.

Kucokera mu 2022 pamene boma linacotsa malipiro mpaka Giledi 12, ana anaculuka m'makalasi, ndipo mphunzitsi mmodzi sangadziwe mtima wa aliyense. Komabe aphunzitsi athu, cizolowezi cowerenga mamakisi pamaso pa kalasi lonse, uku anzake akuseka wothera kumcira, cimathyola ana ambiri. Nkhaniyi tikaichule pa msonkhano wa PTA ukubwerawu.