LAMYA IKHALE YOSAVUTA MONGA NSOLO

Anthu ambiri okhala m'makomboni a Kanyama, Chawama ndi Matero amatumiza ndalama kwa makolo ao kumudzi kupyolera pa lamya ya m'manja. Koma nkhalamba yolandira kawirikawiri imapeza malangizo ali m'Cingerezi, ndipo ikacedwa kuyankha zonse zimafufutika. Motero imaulula nambala yake yacinsinsi kwa munthu wina, ndipo ndalama za feteleza zikhoza kusowa.

Mlandu suli pa nkhalambayo, uli pa okonza. Masewera a nsolo ali ndi malamulo ambiri, komabe mwana amawadziwa pongopenyerera akulu, cifukwa mwala uliwonse umaoneka kumene wagwera. Lamya nayonso iyenera kuonetsa mwini wake, m'cinenero cake, kumene ndalama zapita.

Luso lokonza zinthu motere limaphunziridwa. Kuyambira 1966 dziko lino lili ndi University of Zambia, ndipo m'caka ca 2011 BongoHive inatsegulidwa m'Lusaka kuthandiza acinyamata opanga mapulogalamu. Ophunzira amenewa apite ku Katete ndi ku Petauke, akakhale pamphasa ndi alimi ndi kupenya kumene zala zao zikusokera. Ngakhale mwana wa ku Mtendere wopanga galimoto ya waya amayamba waiyendetsa m'fumbi asanaitame.