Bambo wothamanga ndi makina a ayisikilimu

Lamlungu lapitali mwana wa mlongo wanga anandibayira foni pamphuno. "Amalume, uyu mukumudziwa?" Pachithunzipo panali bambo wa ndevu zapamlomo, atavala ovololo yachikasu chopsa, akuthamanga atakupatira kachidebe koyera m'khwapa. Ndinati ayi. Iye anaseka ngati ndalephera funso la Sitandade 1.

Bamboyo dzina lake ndi Willrow Hood. Amaoneka mufilimu ya Star Wars ya mu 1980, The Empire Strikes Back, kwa kanthawi kongokwanira kuphethira. Salankhula ngakhale liwu limodzi. Anthu akuthawa mumzinda wa Cloud City, iyenso wangodutsa, ndipo kachidebe kaja, maso a akuluakulu oonetsetsa atakaunguza, anapeza kuti ndi makina opangira ayisikilimu amene okonza filimu anangotola kuti munthuyo asathamange chimanjamanja. Basi, nkhani yake yonse ndi imeneyo. Koma lero ali ndi tsamba lakelake pa Wookieepedia, nkhokwe ya paintaneti ya okonda Star Wars imene inayamba mu 2005. Anamupangira chidole. Pamisonkhano ya okonda mafilimuwa, gulu la anthu limavala maovololo ngati ake n'kumathamanga ndi zidebe m'manja. Kachidebe kaja kanadzaonekanso mu The Mandalorian mu 2019, kali ndi dzina lake, camtono.

Funso la mwanayo linali lakuti: nanga bwanji munthu wotchuka chonchi alibe tsamba lakelake pa Wikipedia?

Mkangano umenewu ndi wakale. Wikipedia itayamba mu 2001, olemba ake, amene ndi anthu ongodzipereka osalandira kanthu, anagawikana pawiri. Ena ankati iyi si pepala loti lingathe, chilichonse chilowe. Ena ankati nkhokwe yosunga chimanga ndi zitsotso zomwe imasanduka dzala. Chimene chinawotcha moto ndi Pokémon, tizilombo ta m'magemu a ku Japan timene tinayamba mu 1996 tili 151. Kachilombo kalikonse kanali ndi tsamba lake. Munthu akafuna kuteteza nkhani yake kuti isafufutidwe ankangoti, ngati kachilombo kakuti kali ndi tsamba, yanga yalakwa chiyani? Mu 2007 masamba ambiriwo anawaphatikiza m'mindandanda, n'kutsala ochepa monga la Pikachu.

Ine ndili kumbali ya ophatikizawo, ndipo mwana wa mlongo wanga anandiyang'ana ngati ndamudyera ndiwo. Lamulo la Wikipedia silifunsa ngati munthu wa m'nthano ndi wamkulu kapena wamng'ono, kapena ngati amakondedwa. Limafunsa ngati anthu ena, amene sakudyerapo pa filimuyo kapena bukulo, analembapo za iye mozama m'manyuzipepala kapena m'mabuku odalirika. Popanda zimenezo tsamba limangokhala kubwereza nthano: anabadwira kwakuti, anakwatira wakuti, ngati kuti munthuyo anapondapo padziko. Ndipo wina akawonjezerapo zam'mutu mwake, palibe poti n'kumugwirira bodza. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Komanso wamng'ono sakhala wamng'ono mpaka kalekale. M'buku la Charlotte Brontë la mu 1847, Jane Eyre, muli mkazi wotsekeredwa m'chipinda chapamwamba, Bertha Mason, amene kawirikawiri timangomumva kuseka usiku. Patapita zaka zoposa 100, mu 1966, Jean Rhys wa ku Dominica anamutenga mkaziyo n'kumulembera buku lathunthu, Wide Sargasso Sea, kufotokoza mmene mtsikana wa ku Jamaica anathera m'chipinda chimenecho ku England. Ophunzira alemba zambiri za iye, ndipo tsamba lake pa Wikipedia palibe amene angalitsutse. Chinamukweza ndi cholembera cha munthu wina.

Willrow Hood sanatayidwe kudzala ayi. Jimmy Wales yemwe uja, mmodzi wa oyambitsa Wikipedia, anatsegula ndi Angela Beesley malo ena mu 2004, amene lero amatchedwa Fandom, kumene okonda nthano amalembako mpaka mtundu wa nsapato za mlonda wa pachipata. Kumeneko n'kwawo kwa zoterezi, ndipo amazichita bwino. (Wales nayenso lamulo la Wikipedia lija linamuluma: mu 2007 analemba za Mzoli's, malo ootcha nyama ku Gugulethu ku Cape Town, ndipo mnzake wina anafufuta tsambalo patangotha mphindi 22. Linabwerera pambuyo pa phokoso.)

Pamene lamuloli limandiwawa ndi pakhomo pano. Ngati muyeso ndi kuchuluka kwa zolembedwa, ife timagwa tisanayambe mpikisano, ndipo sikuti akugwa ndi anthu ang'onoang'ono a m'nthano okha. Izeki ndi Jakobo, amene John Nyanga ndi Eric Mabedi anaseketsa nawo dziko lonse kwa zaka, mbiri yawo yambiri ili m'makutu mwathu ndi m'makaseti ochita nkhungu. Pamajiga ndi Kapalepale tinkamvera titazungulira wailesi, koma anthu a m'masewerowo sanalembedwe kwenikweni pamalo ofikirika. Manganya wa mu Tikuferanji mwayi wake ndi wakuti mwini wake, Michael Usi, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, choncho atolankhani akunja anachita kufotokoza kuti Manganyayo ndani. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa mamiliyoni 6; ya Chichewa sifika ngakhale 2,000. Anzathu akukangana za malo a wonyamula chidebe, ife mwini nkhani weniweni alibe mpando.

Ndiye ndinamufunsa mwanayo ngati akuidziwa mbalame ya mu Sikusinja ndi Gwenembe ya J. W. Gwengwe, ija inatsata wakupha m'bale wake ikuimba mpaka chinsinsi chinaululika. Imeneyo ndiyo inanyamula mlandu wonse, ndipo ndikanakonda wophunzira wina ku Zomba ataiyikira mtima monga Jean Rhys anachitira ndi Bertha. Mwanayo analemba dzinalo pafoni, nafufuza, nakwezera zenera m'mwamba kawiri katatu.

"Amalume, mbalameyo inali mtundu wanji?"

Ndinatsegula pakamwa, n'kupeza kuti buku langa ndinabwereketsa kalekale.