Ganyu wa pa Lamya ndi Anthu Achikulire ku Britain

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2023, a Mel Stride, amene pa nthawiyo adali Nduna yoona za Ntchito ndi Penshoni m'boma la Britain, adakacheza ku likulu la kampani ya Deliveroo mu mzinda wa London, ndipo kumeneko adalankhula mawu amene adautsa mkangano m'dzikomo. Iwo adalangiza anthu a zaka zoposa 50 amene ali pakhomo kuti aganizireko ntchito zonga yotumikira chakudya m'makomo pa njinga, popeza ntchito yotere munthu aigwira pa nthawi imene wafuna yekha. Ndunayo idali ndi zaka 61 pamene inkanena izi.

Kampani ya Deliveroo, imene idayamba mu 2013, ntchito yake yeniyeni si kuphika. Munthu wanjala aitanitsa chakudya pa lamya ya m'manja, ndipo makina a kampani ndiwo asankha wanjinga woti akachitenge kumalo odyera ndi kukachitula pakhomo pa mwiniwake. Malipiro awerengedwa pa ulendo uliwonse, ndipo nthawi imene wanjinga aima pamsewu kudikira kuti lamya ilire ilibe malipiro. Pa Chichewa ntchito yotere ili nalo kale dzina lake, ndilo ganyu, kungoti pa ganyu uyu mwini munda saoneka, ndipo kapitawo wake ndi lamya.

Boma silidalankhule izi popanda chifukwa. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, anthu ambiri a zaka zapakati pa 50 ndi 64 adasiya ntchito osabwereranso, olemba ntchito nasowa anthu, pamene mitengo ya zinthu inkakwera kufikira 11.1 peresenti mu Okutobala 2022. N'chifukwa chake Nduna ya Zachuma, a Jeremy Hunt, powerenga ndondomeko ya chuma mu Marichi 2023, adaikamo njira zokopera achikulire kuti abwerere ku ntchito. Palibe cholakwa kuti boma lifune anthu odziwa ntchito asakhale manja lende. Komatu ambiri a iwo sadakhale pansi chifukwa cha ulesi kapena kulemera. M'chaka chomwecho anthu oposa 2.5 miliyoni a msinkhu wogwira ntchito adali pakhomo chifukwa cha matenda a mgonagona, ndipo mndandanda wa odikira chithandizo m'zipatala za boma ku England udapitirira 7 miliyoni. Munthu amene akudikira opaleshoni ya bondo sangathandizike ndi uphungu wakuti akwere njinga.

Tsono pagona nkhani ndi pa lamulo. Mu Febuluwale 2021, Bwalo Lalikulu la milandu ku Britain lidagamula kuti madalaivala a kampani ya Uber ndi antchito, oyenera malipiro osachepera amene boma lidakhazikitsa ndiponso tchuthi cholipidwa, pakuti kampaniyo ndiyo iika mtengo wa ulendo ndi kuyang'anira kagwiridwe kawo ka ntchito. Koma mu Novembala 2023, patangopita miyezi itatu chilankhulire a Stride, bwalo lomwelo lidagamula mosiyana pa mlandu wa anjinga a Deliveroo umene bungwe la antchito la IWGB lidabweretsa. Oweruza adapeza kuti wanjinga ali ndi ufulu wokana ulendo, wogwiranso ntchito kwa kampani ina, ngakhale wotuma mnzake m'malo mwake. Choncho sali pa mgwirizano wa bwana ndi wantchito, ndipo kampani siikakamizidwa kukhala pansi ndi bungwe lake kukambirana za malipiro. Ufulu womwewo umene Nduna idayamikira ndiwo udamchotsa wanjinga pa mthunzi wa lamulo.

Kwa mnyamata wa ku koleji wofuna ndalama ya m'thumba, kusiyana kumeneku kungaoneke kochepa. Kwa munthu wa zaka 58 n'kwakukulu. Wolembedwa ntchito ku Britain akadwala alandira malipiro a matenda kufikira masabata 28. Wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 28 a tchuthi cholipidwa pa chaka. Ndipo pa dongosolo limene lidayamba mu 2012, bwana ayenera kumuikira ndalama zosachepera 3 peresenti m'thumba la penshoni. Wodzilemba yekha ntchito zonsezi lamulo silimpatsa, chikhalirecho matenda ndi penshoni ndizo zinthu ziwiri zimene munthu wa imvi aziganizira usiku. Aphunzitsi ndi antchito a boma, amene adziwa kuwerenga zaka zotsala kuti apume, sasowa wowafotokozera tanthauzo la zaka zisanu ndi zitatu zopanda wosonkha penshoni. Pamwamba pa izi, msinkhu wolandirira penshoni ya boma ku Britain, umene udafika pa zaka 66 mu 2020, lamulo lidaika kuti ukwere kufika pa 67 pakati pa 2026 ndi 2028.

Kunena chilungamo, kampaniyo siidangowataya anjinga ake. Idayamba kuwalipirira inshuwalansi ya ngozi mu 2018, ndipo mu 2022 idapangana ndi bungwe la GMB za malipiro osachepera pa nthawi imene wanjinga ali pa ulendo. Koma zimenezi idazichita mwa kufuna kwake, ndipo chopatsidwa mwa chifundo chingathe kusintha pamene eni kampani asintha.

Ndipo eni adasinthadi: mu 2025 Deliveroo idagulidwa ndi kampani ya DoorDash ya ku America. Boma la a Stride nalo lidagwa pa chisankho cha Julaye 2024, ndipo udindo wa za ntchito ndi penshoni udapita m'manja mwa chipani cha Labour. Chigamulo cha 2023 sichidagwe nalo bomalo.